Kadamsana pa Mpanda wa Chipatala

M'chaka changa chachiwiri cha kukoleji ya aphunzitsi tinapatsidwa tchuthi chachifupi choti tikonzekere mayeso omaliza chaka. Anzanga ambiri anatsala kukoleji. Ine ndinasankha kupita kwathu, kumudzi woyandikana ndi nkhalango ya Luwawa, poganiza kuti kumeneko kuli bata loyenera munthu wowerenga. Ndinafika madzulo, ndipo m'mawa mwake amayi anandiuza kuti ndisamasule chikwama.

Alamu anga, akazi a achimwene, anali oyembekezera ndipo masiku awo anali atayandikira. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anapeza kuti mwana wakhala mopingasa, choncho anawatumiza kuti akadikirire kuchipatala chachikulu cha pa Boma. Achimwene anali ku Joni, monga amuna ambiri a kwathu. Popeza ng'ombe za malowolo zinapita kale kwa makolo a alamu kumalire a Kasungu, udindo wowasamalira unali wa banja lathu. Amayi sakanachoka pakhomo chifukwa abambo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo salola kusambitsidwa ndi munthu wina.

Komabe chifukwa chenicheni chimene anandisankhira ine chinali mchere. M'banja mwathu, mayi woyembekezera akalowa mwezi wotsiriza sathiranso mchere m'ndiwo ndi dzanja lake, kufikira mwana atabadwa ndi mchombo utagwa. Womuthirira ayenera kukhala munthu wozizira, ndiye kuti amene sakugona ndi mwamuna. Akathira munthu wotentha, akuluakulu amati mayi kapena mwana amadulika: chifuwa chosatha, miyendo kutupa, thupi kuwonda. Kwawo kwa alamu nthendayi amaitcha mdulo. Ife ndife anthu opemphera, ndipo abambo anali mkulu wa mpingo asanadwale, koma lamulo limeneli silinachokepo pakhomo pathu.

Amayi analankhula m'Chitumbuka, koma ndilemba mawu awo m'Chichewa.

"Iwe ulibe mwamuna, eti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mbwenu ndiwe woyenera. Ndi masiku ochepa chabe. Ankhazi ako akangomaliza kukolola chimanga adzakulandira."

Ankhazi ndi alongo awo a abambo. Amuna awo nawonso anali ku Joni kwa nthawi yaitali, kotero iwo anali ozizira ngati ine. Ndinawauza amayi kuti mayeso ali pafupi, ndiponso kuti wophunzira amene sanalembe popanda kudwala iye mwini amadikira chaka chathunthu. Anandimvera bwinobwino, anagwedeza mutu, kenako anandipatsa thumba la ufa ndi kabotolo ka mchere.

Pachipatala paja amayi oyembekezera amagona m'nyumba yawo, imene imatchedwa kuti kuchiyembekezo. Ife owasamalira, magadiyani, tinkagona pa mikeka m'chinyumba choyandikana ndi khitchini. Khitchiniyo inali denga la malata ndi makoma ofika m'chiuno, ndipo pansi pake panali mafuwa mizeremizere. Aliyense anali ndi malo ake a moto, ndipo ukachedwa kudzuka umapeza nkhuni zako zachepa. Kuzizira kwa Meyi kunali kutayamba. Ndinkadzuka kusanache kukatunga madzi pampopi, kuwafunditsa kuti alamu asambe, kuphika phala, kuchapa, kupita pageti kukagula masamba ndi usipa, kuphikanso, kutsuka mbale. Ndikati nditsegule buku, utsi wa mafuwa onse aja umabwera kudzandipeza. Mpaka lero mabuku anga a chaka chimenecho amanunkha nkhuni za paini.

Mpanda wa waya unazungulira malo onsewo. Palibe amene ananditsekera. Masana geti linali lotsegula, ndipo ndikanatha kutuluka n'kukwera minibasi. Koma m'mawa, masana ndi madzulo, mphika wa ndiwo unkadikira dzanja langa. Ndikafika kumsika wa pa Boma, ndinkayenda ndikuyang'ana dzuwa. Ulendo wanga wautali kwambiri unali wopita kukagolosale ka patsidya pa msewu kukatchajitsa foni.

Amayi a m'khitchini anadziwa msanga chimene chinandibweretsa. Panali mayi wina wa ku Embangweni, wonenepa, wa duku lofiira, amene ankasamalira mwana wake wamkazi. Iyeyo ndiye anandipatsa dzina loti Aphunzitsi a Mchere, ndipo linafala khitchini yonse tsiku lomwelo.

"Aphunzitsi a Mchere," ankatero akupalasa moto, "kukoleji kwanuko kulibe anyamata? Kapena mumawathamangitsa ndi mabuku?"

"Tinapita kukaphunzira, mayi."

"Yewo chomene. Ifenso tinkatero."

Khitchini yonse inkaseka, ine n'kumavundula mphika umene sunafunikire kuvundula.

Alamu anali munthu wosalankhulalankhula. Ndinali ndisanakhalepo nawo nthawi yaitali, chifukwa anakwatiwa ine ndili kusukulu yogonera komweko. Tinkacheza m'Chichewa, iwo cha kwawo, ine cha m'mabuku, ndipo nthawi zina ankandiseka kuti ndimalankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Sukulu anasiyira fomu yachiwiri. Ndikamawerenga ankakhala pafupi, atatambasula miyendo, akutongola mtedza, osandisokoneza.

Madzulo aliwonse ndinkaimbira foni amayi. Yankho linali limodzi: "Ankhazi ako akubwera mawa." Mawa likafika, chimanga cha kumunda chinali chisanathe. Mawa linalo, ngolo inali itathyoka. Achimwene anatumiza uthenga wa mawu kuchokera ku Joni wakuti, "Mlongo wanga, pirira, ndidzakubweretsera foni yabwino." Anzanga a kukoleji ankatumizirana mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndipo ine ndinkawawerenga nditanyamula ndowa pamzere wa pampopi. Tchuthi chinatha, anzanga anabwerera m'kalasi kukabwereza, ine ndikadali pa mafuwa. Mayeso anali oti ayambe Lolemba.

M'kati mwa sabata yotsirizayo, mphunzitsi wathu wa sayansi anatumiza uthenga ku gulu la kalasi. Anati Lachisanu madzulo kudzakhala kadamsana wa mwezi, ndipo onse akasonkhane pabwalo la mpira kuti akaonere limodzi. Anafotokoza kuti dziko lapansi lili ndi mithunzi iwiri: wapakati, wakuda bii, ndi wam'mbali, wopepuka. Ulendo uno mwezi udzangodutsa mumthunzi wopepukawo, choncho sudzada kapena kufiira; udzangochita ngati wafifia, ndipo munthu wosasamala sadzaona kanthu.

Uthengawo unandisangalatsa mopitirira muyezo wake. Kwa nthawi yonse imene ndinakhala pamalo paja, chinali chinthu choyamba cha kukoleji chimene chikanatha kundifikira kuseri kwa mpanda. Ndinalephera kuchisunga. Ndinachinena m'khitchini, nthawi ya chakudya chamadzulo, ndipo ndinafotokoza mwadongosolo monga tinaphunzirira kuphunzitsa, kuyambira pa dzuwa, kufika pa dziko, kumalizira pa mwezi. Ndinanenanso momveka kuti kadamsanayu ndi wofooka. Koma mawu amene anatsala m'makutu mwa anthu ndi akuti mwezi udzada.

Mkangano unabuka pomwepo. Mayi wina wachikulire anati kwawo woyembekezera sayang'ana kadamsana, mwana angabadwe ndi chipsera kumaso. Mayi wa duku lofiira anati iye anaona kadamsana wa dzuwa ali ndi pathupi, nkhuku zinalowa m'khola masana, koma mwana wake ndi uyo ali kuchiyembekezoyo, nkhope yosalala ngati dzira. Wina anati tipemphere basi. Pomaliza anagwirizana kuti oyembekezera onse adzakhale m'nyumba, magadiyani adzawaonere.

Lachisanu masana, ndikutsuka mapoto, ndinaona kabaza akulowa pageti atanyamula ankhazi. Ndinasiya poto m'madzi n'kuthamanga. Ankhazi anatsika mwaulemu wonse. Anali atavala nsapato zatsopano ndi juzi yaubweya, ndipo kumbuyo kwa njinga kunali bulangeti lalikulu, lonyezimira, likadali m'chikwama chake cha pulasitiki. Ndinawagwadira, ndinalandira katundu, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza za minibasi ya m'mawa.

Tikudutsa pakhitchini, mayi wa duku lofiira anayang'ana bulangeti lija, anayang'ana nsapato, kenako anayang'ana mnzake wa pafupi. Onse awiri anaphimba pakamwa ndi chitenje. Sindinamvetse. Ndinakalowa m'chinyumba chathu n'kuyamba kulongedza mabuku.

Nditatuluka, ankhazi anali atakhala pamkeka ndi alamu. Ndinawaonetsa malo athu a moto, nkhuni, thumba la ufa. Pomaliza ndinawapatsa kabotolo ka mchere. Sanatambasule dzanja.

"Mwana wane," anatero, maso ali pa nsapato zawo, "kabotolo aka usunge ndiwe."

"Ankhazi, ine mawa ndikupita. Mayeso ndi Lolemba."

"Ndikudziwa. Koma asibweni ako afika."

Anatanthauza amuna awo. Anafika kuchokera ku Joni sabata yomweyo, osachenjeza, pa galimoto ya onyamula katundu.

"Afika liti?" ndinafunsa, ngati kuti tsikulo likanasintha kanthu.

Mayi wa duku lofiira, amene ankamvetsera poyera, anayankha m'malo mwawo. "Aphunzitsi, funso limenelo safunsa akuluakulu. Onani bulangetilo. Munthu wabwera kutali, kunja kukuzizira, mukuti akanagona pakhonde?"

Khitchini inaphulika ndi kuseka. Ankhazi nawonso anaseka pang'ono, mwamanyazi, ngati mtsikana. Kenako anandigwira mkono.

"Ine ndabwera kudzakuthandiza. Madzi nditunga, kuchapa ndichapa, kuphika ndiphika. Iwe uzingothira mchere basi, n'kumawerenga mabuku ako. Amama ako atero."

Ndinaimbira amayi nditaima pakona ya mpanda. Ndinawauza kuti mayeso salembera pa mkeka wa kuchipatala. Anati akudziwa. Ndinapempha kuti tipemphe mmodzi wa amayi a m'khitchini, pakuti ena anali amasiye. Anati munthu wachilendo sungamudziwe kumene wagona. Ndinati nanga mwana wamng'ono wa kumudzi. Anati kuchipatala salola ana kugona. Kenako ndinamva abambo akutsokomola chapatali.

"Sukulu idzakhalapo chaka chamawa," anatero amayi mofatsa. "Mwana wa achimwene ako akadulika, tidzamutenga kuti wina?"

Ndinatsanzika. Ndinabwerera kukathira mchere m'ndiwo zamadzulo. Zinali nyemba.

Dzuwa litangolowa mwezi unatuluka kum'mawa, wathunthu, pamwamba pa mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa chipatala. Ine ndinali nditaiwala za kadamsana, koma amayi aja sanaiwale. Anatsekera oyembekezera m'nyumba, anapachika zitenje pamawindo amene analibe makatani, ndipo anabwera kudzanditenga. Tinaima gulu kuseri kwa khitchini, pafupi ndi mpanda, pomwe magetsi a chipatala safika kwenikweni. Ena anabwera ndi mikeka. Ena anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Tinadikira. Mwezi unakwera, woyera ngati masiku onse. Patsidya pa waya anyamata a kabaza ankabwerera kwawo, mabelu akulira, ndipo kumsika kunkamveka nyimbo za m'mabala.

"Wayamba, aphunzitsi?"

"Wayamba kale, mayi. Koma ndi wofooka, monga ndinanenera."

"Wofooka ngati tiyi wa pamaliro," anatero wa duku lofiira. "Inetu ndikuona mwezi uli bwinobwino, wadya wakhuta."

"Mwina aphunzitsi aiwala kuthira mchere," anatero wina kumbuyo.

Anaseka mpaka ena anakhala pansi. Mayi wachikulire uja anadandaula kuti wasiya madzi pamoto chifukwa cha bodza la ana a sukulu. Mmodzimmodzi ananyamula mikeka yawo. Ankhazi anandisisita paphewa, nanena kuti ndisachedwe kunja kukuzizira, nawonso anapita. Ndinatsala ndekha, zala zili mu waya wa mpanda.

Pa foni, anzanga ankatumiza zithunzi kuchokera pabwalo la mpira. Zithunzizo sizinkaonetsa mwezi bwino, kadontho koyera chabe, koma zinkaonetsa nkhope zawo, atafunda mabulangeti, akuseka. Ndinazimitsa foni.

Ndinamva mapazi olemera kumbuyo kwanga. Anali alamu, atafunda chitenje kumutu, dzanja limodzi lili m'chiuno.

"Alamu, mwatuluka bwanji? Akuonani."

"Ndati ndikupita kuchimbudzi. Ali kuti kadamsana wanuyo?"

"Simukuopa?"

"Ndatopa n'kuopa. Ndionetseni."

Ndinawauza kuti asayang'ane mwezi wonse, koma ayerekeze mbali imodzi ndi inzake. Tinayang'ana nthawi yaitali. Ndipo zoona, nthawi imeneyo mbali imodzi inali itachita mdima pang'ono, ngati nsalu yoyera imene yakhala m'khitchini ya utsi. Kuwala kwa pansi nakonso kunali kutachepa. Mithunzi ya waya pa mikono yathu sinali yakuthwa monga poyamba.

"Ndauona," anatero alamu. "Uko, cha kumwambako. Wachita ngati wadetsedwa." Anaseka pang'ono. "Basi ndi womwewu?"

"Ndi womwewu."

"Ndiye amayi aja anathawa msanga."

Anatsamira mzati wa mpanda kuti apumitse msana. Kenako anafunsa, osandiyang'ana, kuti munthu akalephera kulemba mayeso zimatha bwanji. Ndinawauza. Anafunsa ngati ambiri amabwereradi chaka chinacho. Ndinati ena amabwerera.

"Inenso anandiuza kuti ndidzabwerera," anatero. "Amayi anadwala nthawi yokolola fodya, ndinatsala kuti ndithandize temu imodzi. Yunifolomu ndinaisunga m'sutikesi mpaka achimwene anu anabwera ndi ng'ombe."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu," anandiitana choncho nawonso, "lamulo likuti chiyani kwenikweni? Likuti wotentha asathire mchere. Silikuti ine ndidye mchere."

Ndinawayang'ana.

"Ankhazi aziphika, mchere usalowe. Ndidya choncho."

"Mpaka liti? Mwana sanabadwe, ndipo akabadwa pali mchombo. Mukudya kale movutikira. Nyemba zopanda mchere, alamu?"

"Pamaliro a agogo tinadya zoposa pamenepo. Inu pitani."

Ndinawauza kuti amayi sadzavomera. Anati amayi ali ku Luwawa, mphika uli pano. Kenako anamva chitseko cha kuchiyembekezo chikutseguka, anakoka chitenje kumaso n'kubwerera pang'onopang'ono, ngati munthu wochokeradi kuchimbudzi.

M'mawa mwake nkhani inavuta kuposa mmene alamu anaganizira. Ankhazi anakana. Anati chinthu chotere sichinachitikepo, ndipo dzanja lawo likhoza kuiwala n'kuthira mwachizolowezi. Alamu anati kabotolo kachoke, ndipite nako ine. Ankhazi anati nanga china chikachitika, anthu adzati chiyani? Mlandu udzagwera yani? Pamenepo anandiyang'ana ine, ndipo ndinadziwa yankho lake. Mayi wa duku lofiira, amene sankasowa pa nkhani iliyonse, ulendo uno sanaseke. Anati iye sanamvepo kuti munthu anadulika ndi mchere umene sanadye, koma sanamvenso kuti wina anayesapo.

Ndinaimbira amayi. Nditamaliza kufotokoza anangoti, "Wakula, uchite chimene waona," n'kudula foni.

Tsiku lonse la Loweruka ndinalephera kusankha. Ndinamasula chikwama, ndinachimanganso. Masana ankhazi anaphika mpiru wotendera popanda mchere, kuti tiyese. Ndinalawa, ndipo unali ngati udzu wonyowa. Alamu anadya mbale yonse, akundiyang'ana m'maso pa nthongo iliyonse, ngakhale ndinaona mmene khosi lawo linkavutikira kumeza.

Lamulungu m'mawa ndinatuluka pageti, kabotolo ka mchere kali m'chikwama pamodzi ndi mabuku. Padepoti minibasi inachedwa kudzaza chifukwa anthu anali kutchalitchi. Ndinakhala pampando wa pawindo, kondakitala akuitanira anthu amene kunalibe, ndipo kangapo konse ndinagwira chitseko kuti nditsike. Itanyamuka sindinamve kumasuka kumene ndinkayembekezera. Ndinalemba mayeso foni ili m'thumba la siketi, yozimitsa monga mwa lamulo, ndipo ndikangotuluka m'chipinda ndinkaiyatsa msanga.

Mwana anabadwa mayeso ali m'kati, kudzera pa opaleshoni, wamwamuna, wamphamvu. Alamu anadya zopanda mchere kufikira mchombo utagwa, ndipo pofika kumudzi anali ataonda moti masaya analowa. Ine ndinakhoza, ndipo tsopano ndili m'chaka chotsiriza.

Amayi sanandikalipirepo pa nkhaniyi, ngakhale kuitchula. Amandilandira bwino ndikapita kutchuthi, ndipo amauza anzawo a kumpingo kuti mwana wawo adzakhala mphunzitsi. Koma kwathu n'kozizira, mphepo ya m'nkhalango imalowa m'nyumba, ndipo ana onse a m'mudzi amadwala chifuwa nyengo ya chisanu. Mwana wa achimwene akatsokomola, amayi amasiya chimene akuchita. Sayang'ana mwanayo, sayang'ana alamu. Amayang'ana ine, kanthawi kochepa chabe, kenako amapitiriza ntchito yawo.